Waya Wopita M'chipinda Chakuseri

1

Nkhani iyi sindinauzepo munthu yonse. Anthu a ku Kalingalinga aliyense ali ndi kachidutswa kake, ndipo amakafotokoza mmene afunira. Lero ndati ndikuuzeni ndekha, inu amene simundidziwa, pakuti pamaso pa mlendo manyazi amachepa.

Dzina langa ndine Philomena. Kwathu ndi ku Katete, koma ndinabwera ku Lusaka ndili mtsikana kudzaphunzira kusoka, ndipo ndi kuno kumene ndinakumana ndi ba Levy Mukupa, Mubemba wa ku Kitwe wowotcherera zitsulo. Tinakwatirana kutchalitchi, tinamanga nyumba yathu pang'onopang'ono. Akazi anzanga amene tinalowa nawo m'banja chaka chimodzi anali atasiya kale maina awo: uyu amake Oliver, uyo amake Kunda. Ine ndekha ndinatsala ndili ba Philo, ndipo aliyense wokhala m'komboni akudziwa tanthauzo lake mkazi akakalamba ndi dzina la ku ubatizo.

Tinayenda m'zipatala, tinayenda m'mapemphero, ndinamwa mizu yowawa imene mayi anga ankatumiza pa basi. Mwana sanabwere. Koma ba Levy sananditonzepo ngakhale tsiku limodzi. Ankapita kukagwira maganyu a mageti ndi mawindo ku Kitwe ndi ku Chingola, nthawi zina mwezi wathunthu, n'kubwerako ndi chitenje changa m'chikwama. Ndinkauza anzanga kuti Mulungu anandimana china n'kundipatsa china.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali chipinda chimodzi chokhala ndi khomo lakelake, cholekana ndi pabalaza pathu ndi khoma chabe. Tinkasungiramo zitsulo zotsala. Tsiku lina ba Levy anati apeza munthu wochita lendi, mlongo wa mnzawo wa kuntchito. Anati mwamuna wake anapita ku Joni n'kuiwala kwawo, ndipo mtsikanayo wapeza ntchito yoluka tsitsi pa saluni ina ku Mtendere.

Anabwera Loweruka ndi matiresi, mbaula, kaTV kakang'ono, ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu. Dzina lake anati ndi Kafula, mwanayo Luse. Popereka moni anagwada mpaka mawondo onse pansi, maso ali kumapazi anga.

2

Patapita milungu ingapo ba Levy anabwera ndi waya woyera wokulunga ndi kachitsulo ka milomo itatu. Anasuntha kabati, n'kuyamba kuboola khoma kuseri kwa TV yathu. Nditafunsa, anati akufuna kugawirako chipinda chakuseri zithunzi za dishi yathu.

“Ni mwana chabe, Philo,” anatero, fumbi lili mbuu kumaso. “Amankhala tsiku lonse alibe voonerera. Ise sititayapo kanthu.”

Anandifotokozera kuti popeza dikoda ndi imodzi, kuseriko sangasankhe okha. Chimene ife tatsegula pano, ndicho chimene chidzaoneka kumeneko. Tikasintha, nakonso kwasintha. Tikazimitsa dikoda, nakonso kwada. Ndinadandaulako pang'ono kuti ndiye kuti munthu wachilendo azidziwa zonse zimene ndimaonera, koma ndinangoti ndi mtima wabwino wa mwamuna wanga, monga mwa masiku onse.

Ine ndinkagwira ntchito pabalaza pomwepo. Makina osokera ali pawindo, TV ikulankhula yokha tsiku lonse kuti ndisasungulumwe. Mmawa wina, pofufuza sewero langa lija la akazi olimbirana chuma, ndinadutsa pa makatuni. Kuseri kwa khoma kunamveka kuseka. Kuseka kwa mwana kochokera m'mimba, kopanda chifukwa chenicheni. Chala changa chinali chitadina kale rimoti, sewero langa linabwera, ndipo kuseka kuja kunaduka.

Kenaka ndinamva kugogoda pakhoma. Kadzanja kakang'ono, chapansi, pafupi ndi pamene waya analowera.

Ndinabwezera makatuni. Kuseka kunayambiranso. Ndinakhala pamakina osaponda, nsalu ili m'manja, ndikumvetsera. Nyumba imeneyo inali isanamvepo mawu otere chimangire.

Kuyambira tsiku limenelo sewero langa ndinalisiya. Ndinaphunzira nthawi ya kambuzi koimba ndi nthawi ya tigalimoto tolankhula. Magetsi akazima, tonse awiri tinkadandaula, iye uko ine kuno. Ndipo tsiku lina kugogoda sikunamveke pakhoma koma pachitseko. Nditatsegula ndinapeza kamunthu kosavala nsapato, tsitsi loluka mbali imodzi.

“Ba anti, nifuna kuona pa TV ikulu,” anatero.

3

Kafula ankasiya mwanayo kwa mayi wina woyandikana nafe akamapita ku saluni. Sipanatenge nthawi, ndinamuuza kuti asavutike, azingomusiya kwa ine. Anakana kawiri, kachitatu anavomera, koma misozi inali italengeza m'maso. Ndinaganiza kuti ndi kuthokoza.

Luse anakhala mthunzi wanga. Ankakhala pansi pa tebulo la makina n'kumatola tizidutswa ta nsalu, ati akusokera chidole chake diresi la ukwati. Ndinkamuphikira phala la nsinjiro, ndinkamusambitsa m'beseni pakhonde, ndinkamubereka kumsana popita kukagula ulusi ngakhale anali wotha kuyenda yekha. Akazi a pamsika anayamba kundiseka kuti ba Philo mwabala liti, ndipo ine ndinkaseka nawo, mtima ukuvina. Atadwala malungo ndine amene ndinathamanga naye kukiliniki, ndipo namwino atafunsa kuti mayi wa mwana ndani, ndinachedwa kuyankha.

Zinthu zina zinalipo zimene ndinaziona koma osaziwerengera. Kafula, miyezi yonseyo, sanandiyang'anepo m'maso. Ndikamuitana kuti tidye pamodzi ankapeza chifukwa. Ba Levy, munthu wocheza ndi aliyense mpaka agalu a eni, sankalankhula naye konse. Akakumana pampopi, wina ankayang'ana kum'mawa wina kumadzulo. Koma Luse akawathamangira n'kuwagwira mwendo kuti ba ankolo, ankaima chilili ngati munthu amene wasenzetsedwa mazira.

Ndiye panali mayi anga. Kale ankabwera kukangotha kukolola, n'kukhala mpaka mvula itayandikira. Chaka chimenecho anabwera atakakamizidwa. Anafika masana, napeza Kafula akuyanika zovala, Luse ali pamiyendo panga. Kafula anagwada kupereka moni. Mayi anayankha ndi mawu apakhosi, n'kulowa m'nyumba. Chakudya anangochigwira pamwamba. Mmawa mwake anati mutu ukuwapweteka, mphepo ya m'tauni siyiwayanja, ndipo anakwera basi kubwerera ku Katete, mtedza umene anabweretsa usanamasulidwe n'komwe m'thumba.

Ndinawadandaula kuti akukalamba.

4

Linali Lachisanu, mwezi wa dzuwa lowotcha. Apongozi anga, mayi a ba Levy, anali kubwera kuchokera ku Kitwe, ndipo ba Levy anapita kusiteshoni kukawachingamira. Ine ndinawauza kuti ndipita ku Kamwala kukagula nsalu za mayunifolomu a kwaya, ndibwera chakumadzulo. Ndinakhoma chitseko, n'kusiya dikoda ili pa makatuni monga mwa chizolowezi.

Pageti ndinakumana ndi Kafula, nkhope ili yotuwa. Anati chizungulire chamuvuta kuyambira dzulo, akufuna kuthamangira kukiliniki, koma mayi woyandikana uja palibe. Ndinati Kamwala sathawa. Sindinatsegulenso nyumba yaikulu. Ndinangozungulira kuseri n'kukakhala ndi Luse m'chipinda chawo.

Tinakhala pamatiresi, iye akudya mabanzi ndi tiyi, maso ali pa kaTV kawo. Patapita nthawi ndinamva chitseko chathu chikutsegulidwa, kenaka mawu a apongozi ndi kuseka kwawo kokweza. Ndinati mwana amalize kudya, ndimupukute, tikapereke moni tonse.

Makatuni anazima. Pagalasi panada, panabwera timizere ta zilembo, ngati mmene zimakhalira munthu akalowetsa fulashi yosungira mavidiyo mu dikoda. Luse anadandaula. Kenaka kunamveka ng'oma.

Inali vidiyo yojambulidwa ndi foni. Akazi ambiri ovala chitenje chofanana anali pamzere, atasenza miphika yokulungidwa m'nsalu, akuimba Chibemba, akulowa pageti limene ndinalizindikira nthawi yomweyo. Geti limenelo analiwotcherera ndi ba Levy. Kunali kwa apongozi, ku Kitwe. Ndinadziwa kuti ndi matebeto, mwambo umene akuchikazi amapereka zakudya kwa mkamwini posonyeza kuti amulandira. Ndinaganiza kuti mwina ndi za mlamu wanga wamng'ono, ndipo ndinadabwa kuti bwanji sanandiitane.

Wojambulayo analowa m'nyumba. Pampando wapakati panakhala mwamuna wovala malaya abuluu a mabatani akumbali. Malaya amenewo ndinasoka ndine.

“Onani, ba ankolo,” anatero Luse, akuloza ndi banzi.

Mayi wina wachikulire anagwada n'kuwasambitsa m'manja ba Levy. Anawatchula kuti bashi Luse. Chibemba changa ndi choperewera, koma mawu amenewo ngakhale mwana amawadziwa: bambo ake a Luse. Pambali pawo, pamphasa, panakhala Kafula atawerama, khanda lili pamiyendo.

Ndinapitiriza kuonera. Kuseri kwa khoma apongozi anali kuseka, akutchula maina a anthu amene akuoneka, ndipo mawu awo ankandifika kawiri, a m'vidiyo ndi a pabalaza panga. Foni inayendayenda m'chipindamo, ikuonetsa alamu anga, azakhali awo, akulu a mpingo amene anadya keke ya ukwati wanga. Kenaka inafika pakona, pafupi ndi chitseko.

Pamenepo panakhala mayi wochepa thupi, yekhayekha, wosaimba nawo, manja atawapinda pamimba. Foni itamuyandikira anatembenuzira nkhope kukhoma, koma anachedwa.

Anali mayi anga.

5

Sindikumbukira mmene ndinazungulirira nyumba. Ndimangokumbukira kuti Luse anali atandigwira chala, ndipo chitseko chathu chinali chotsegula.

Ba Levy atandiona anaimirira. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana, kenaka maso awo anapita kuseri kwa TV, pamene waya woyera uja analowera m'khoma. Ndinaona nkhope yawo ikugwa. Anali ataiwala ntchito ya manja awo omwe.

“Philo, unali kuti?”

“Ninali kuseri,” ndinatero. “Taonera pamodzi.”

Ng'oma zinali zikulirabe. Palibe amene anakumbukira kuzimitsa. Apongozi ndiwo anayamba kulankhula, modekha, ngati akuuza mwana kuti mankhwala ndi owawa koma amwe. Anati ndikhale pansi. Anati vinthu ivi si vachilendo, mwamuna sangafe osasiya dzina, ndipo anachita mwaulemu chifukwa sanandithamangitse. Anati mtsikanayo anamubweretsa pafupi kuti mwana akule akuona bambo ake, komanso kuti ine ndimuzolowere pang'onopang'ono. Ndipo taonani, si mwazolowerana?

Ba Levy anagwada pasimenti. Anati ankafuna kundiuza, tsiku lililonse ankafuna kundiuza, koma akandiona ndikuseka ndi mwanayo mawu ankawathawa. Anati amandikonda, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ndinawakhulupirira.

Ndinkayembekeza kuti ndikuwa, kapena ndiphwanya kanthu. Palibe chinatuluka. Luse anandikoka chitenje n'kufunsa ngati makatuni abweranso, ndipo ine, mkazi wopusa, ndinatola rimoti n'kumubwezera.

6

Madzulo ake ndinaimbira mayi anga. Nditangoti ndaona vidiyo ya ku Kitwe, anayamba kufotokoza, nkhuku zikulira kumbuyo kwawo. Akuchimuna anawatumizira uthenga Kafula ali kale ndi pakati. Anawauza kuti asankhe: apite akaonekere pamwambo, kuti akwawo kwa Kafula akhulupirire kuti banja la mkazi wamkulu lavomera, kapena ayembekezere mwana wawo pa basi ndi katundu wake.

“Ndinaona kuti bola ukhale m'nyumba usakudziwa, mwana wanga, kusiyana ndi kukhala pabwalo ukudziwa,” anatero. “Ngati ndinalakwa, ndinalakwira iwe.”

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinakumbukira mmene anakhalira pakona paja, manja pamimba, pakati pa anthu oimba chilankhulo chimene sachimva. Ndinangodula foni.

Kafula anabwera mmawa mwake ndili pamakina, osasoka. Anagwada pakhomo, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso. Anati iye anauzidwa kuti ndikudziwa zonse, ndipo mayi anga anali umboni wake. Anadziwa zoona tsiku limene anafika, ba Levy atamuuza pageti kuti mwana aziti ankolo. Anati kangapo anamanga katundu kuti athawe, koma kwawo bambo anamwalira, nyumba inatengedwa ndi achibale, analibe kolowera. Anati chimene chinkamupweteka koposa chinali ubwino wanga. Akanakonda ndikanakhala mkazi wankhanza.

Ndinamufunsa zimene anamuuza kukiliniki. Anaweramitsa mutu, n'kuika dzanja pamimba.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu woti ndimude ndi mtima wanga wonse, kuti mwina ndipepukidwe. Aliyense anali ndi misozi yake, aliyense anali ndi chifukwa chake.

Lamulungu akuluakulu anasonkhana pabalaza panga: apongozi, amalume awo a ba Levy ochokera ku Matero, ndi mayi wina wa kumpingo amene anandilangiza polowa m'banja. Onse anandiuza mawu amodzi, akuti shipikisha, ndiye kuti pirira. Anati ine ndine mkazi wa mphete, palibe adzandilande ulemu umenewo. Ndinali nditayamba kugwedeza mutu, chifukwa ndinkaganiza za Luse, kuti ndikachoka adzamuphikira phala ndani mmene amalikondera.

Pamenepo apongozi anawonjezera kamawu kamodzi. Anati popeza kukubwera khanda lina, chipinda chakuseri chichepa, pamene ine ndili ndekha ndi makina anga, ndiye bola ine ndisamukire kuseriko. Anati ndi nkhani ya malo chabe, palibe chipongwe.

Ndinatembenukira kwa ba Levy. Ndinawadikira kuti anene kuti ayi, nyumba iyi Philo anasenzera njerwa pamutu. Anayang'ana zala zawo za mabala a moto.

“Tizaona,” anatero.

7

Ndinachoka mkati mwa sabata imeneyo. Msuweni wanga Hilda anabwera ndi kagalimoto ka mnzake, tinakweza makina, zovala ndi mapoto anga, ulendo wa ku komboni ya Linda. Kafula anali atapita ndi Luse ku saluni m'mamawa, ati kuti mwana asaone. Mwina anachita bwino. Ba Levy anandithandiza kunyamula makina, akulira ngati wofedwa, koma sanagwire chitseko cha galimoto.

Ku Linda ndinapeza kachipinda kanga, makasitomala anayamba kubwera. Ba Levy ankaimba foni poyamba, kenaka anachepetsa, kenaka anasiya. Ndinamva kwa anthu kuti kunabadwa mwana wamwamuna. Kangapo ndinasoka kadiresi, ndikuyerekeza msinkhu m'mutu, koma ndinalibe njira yokatumizira imene sikanaoneka ngati ndikupempha kubwerera.

Zaka ziwiri zinapita. Tsiku lina ndinakwera minibasi ya ku Mtendere kukapereka zovala za ukwati. Inadzaza mpaka pakhomo. Pa siteji ina kondakitala anakankhiramo mayi wobereka mwana kumsana, n'kunyamula kamtsikana kovala yunifolomu n'kundiika pamiyendo osandifunsa, monga amachitira. Ndinakagwira m'chiuno kuti kasagwe. Mayi uja atakhala pampando wakutsogolo n'kutembenuka, tinaonana.

Anali Kafula. Kenaka anagwira mwanayo bondo.

“Luse, pereka moni kuli ba…” Anaima pomwepo. Sanadziwe kuti amalize bwanji, ndipo inenso sindikanamuthandiza.

Luse anatembenuka. Anali atatalika, mano awiri akutsogolo atachoka. Anandiyang'ana bwinobwino ndi maso aulemu a mwana wophunzitsidwa, n'kuwomba m'manja pang'ono.

“Muli bwanji, ba mayo,” anatero, mmene akanalonjerera mayi aliyense wa m'basi.

Ndinayankha kuti ndili bwino. Anatembenukiranso kuwindo n'kumawerenga zikwangwani za masitolo mokweza, chilembo chimodzichimodzi. Ndinamunyamula mpaka pa siteji ya Kalingalinga, ndikumva kutentha kwa msana wake pachifuwa panga, ndikupempha mumtima kuti msewu udzaze magalimoto. Atatsika sanacheuke. Kafula ndiye anacheuka, koma minibasi inali itanyamuka.

Owerenga anzanga, anthu akamva nkhani yanga amathamangira kundipepesa za mwamuna. Mwamuna ndinamulira, ndipo misozi yake inauma. Mayi anga tinayambanso kulankhulana, ngakhale pali nkhani imene timaizungulira ngati dzenje la pamsewu. Bala limene silipola ndi lina. Mkazi wosiyidwa ali ndi dzina, wamasiye ali ndi dzina, ndipo anthu amadziwa mowapepesera. Koma amene analera mwana wa mwini ndi mtima wonse, n'kulandidwa mwanayo popanda wolakwa woti n'kumuloza chala, alibe khoti lokadandaulako, alibe ngakhale mawu oti mwanayo amuitanire. Sindikuuzani kuti musakonde ana a eni, chifukwa ine ndemwe nditabwezedwa ku tsiku lija Luse anagogoda sindikanatseka chitseko. Ndingoti, ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene nonse mukumubisira kanthu poti mukumuteteza, muuzeni lero, adakali ndi mpata wosankha yekha chimene angakonde ndi chimene angataye. Ine anandisankhira onse amene ankandikonda, ndipo pofika tsiku lodziwa, panalibenso chotsala choti ndisankhe.